Nyimbo ya Mayi Chipewa

Utsi wa petulo ukasakanikirana ndi fungo la zitosi za mileme, ine ndimabwerera m'kachipinda ka kuseri kwa tchalitchi chathu, kumapiri a kumtunda kwa Chezi. Kachipindako kanali kosungiramo mabenchi othyoka ndi makasu a m'munda wa mpingo, koma m'chisanu cha chaka chimene ndinali ndi zaka khumi kanasanduka nyumba ya kanema. Mazenera ake awiri ankatchingidwa ndi ziguduli za fodya kuti mukhale mdima. Panja kajenereta kankatsokomola ngati nkhalamba ya chifuwa, utsi wake n'kumalowa pansi pa chitseko. Tinkakhala pa simenti yozizira, miyendo yotuwa ndi mphepo, tikupanikizana kuti tifundane.

Tonse tinali a kalasi yokonzekera kulandira Ukaristia koyamba, ndipo wotiphunzitsa anali akatekisiti athu, a Gelevaziyo. Bambo Mfumu ankabwera kuchokera ku mishoni kamodzi pa mwezi pa njinga yamoto. Masabata ena onsewo a Gelevaziyo ndiwo anali wansembe, episkopi, ndiponso Papa wa phiri lathu. Anali munthu wamfupi, wa jekete lakuda lowala m'zigongono, ndipo m'thumba la pachifuwa ankandandikamo zolembera zitatu zomwe panalibe n'chimodzi chomwe cholemba. Belu la njinga yawo ankaliliza ngakhale m'njira mulibe munthu, kuti nkhuku nazo zidziwe kuti kukudutsa akuluakulu. Sindinawakonde ndili mwana, ndipo ukulu sunandithandize kuwakonda.

Chisanu kwathu ndi nyengo ya ng'oma. Anthu akakolola, midzi ya tsidya la mtsinje inkamanga ziliza, gule n'kumatuluka Loweruka ndi Lamulungu, fumbi koboo mpaka kumaoneka tili pakhomo pa tchalitchi. Mudzi wathu unali wa Akatolika okhaokha, ndipo makolo ankaopa kuti ana tingamazembere kutsidyako kukaonera. Ndiye Bambo Mfumu anasiya kawailesi ka kanema, deki yoonetsera matepi, kajenereta ndi tepi imodzi yokha ya makatuni yochokera kunja, kuti izitisunga Lamulungu masana. Unali msampha wabwino ndithu. Tepi imodziyo tinaionera masabata asanu ndi awiri otsatizana popanda wodandaula.

Kaonetsedwe ka a Gelevaziyo kanali kotere. Ankalowetsa tepi, n'kuima pambali ndi kandodo. Kamtsikana ka maso akuluakulu kakangotulukira, ankagogoda galasi n'kunena kuti, "Uyu ndiye wabwino. Mwamuona?" Pakatulukira mayi wamtali wa chipewa chachikulu, ankagogodanso. "Uyu ndiye woipa. Musamutsanzire." Basi, ntchito yatha. Ankatuluka, kutikhomera ndi loko kunja kuti wina asathawe, n'kupita pansi pa mtengo wa mango pomwe akomiti ya tchalitchi ankakambirana za mpingo pa tiyi ndi mbatata yootcha. Ankabwerera zilembo zomaliza zikukwera pagalasi, akupukuta pakamwa, n'kufunsa zomwe taphunzira. Tinkayankha pamodzi ngati achule kuti tizimvera makolo. Munthu ameneyu ankadziwa chiyambi ndi mathero a kanemayo ngati dzina lake, koma pakati pake anali asanapaonepo.

Chingerezi sitinkachimva, ndiye anthu a m'kanemamo tinawapatsa mayina athu. Kamtsikanako tinakatcha Kamaso. Kanali ndi munda wa zipatso wosiyiridwa ndi makolo ake, koma sitinakaonepo katagwira khasu ngakhale tsiku limodzi. Ntchito yake inali kuima pazenera, kugwira pachifuwa, n'kumaimbira agulugufe ndi kamawu kopyapyala ngati ka udzudzu. Ife ana a alimi a fodya, a manja akuda ndi utomoni, tinkakayang'ana ndi diso la nkhwezule. Munda wanji wosapalira? Kakayamba kuimba, m'chipindamo munkayamba kukandana, kutsinana ndi kupemphana chinangwa. Anyamata ankapikisana kuti ayasamule motalika ndani.

Kenaka galasi linkada, n'kuyamba kufiira m'mphepete ngati makala. Chipinda chonse zii. Ng'oma imodzi inkayamba pansipansi, pang'onopang'ono, ndipo Mayi Chipewa ankatsika masitepe a nyumba yake, osafulumira ngakhale pang'ono, chipewa chotambalala chija chikugwedera. Pambuyo pake pankabwera antchito ake, mbuzi zitatu zovala majekete, zikuponda pansi nthawi imodzi n'kumavomera kuti hu, hu. Mayiyo sankaimba ngati akupempha chilolezo. Ankayamba ngati akungoyankhula, mawu okhuthala, osasa, ochokera m'mimba, n'kuseka pakati pa mzere, kenaka n'kukweza mpaka kawailesi kaja kunjenjemera. Ankaloza munda wa Kamaso n'kudziloza pachifuwa. Ankaloza mtsinje n'kudziloza. Ankaloza ngakhale dzuwa. Pamenepo sipankafunika Chingerezi. Mwana aliyense m'chipindamo ankamva bwinobwino kuti mayiyu akuti ndikufuna, ndipo alibe nazo manyazi.

Ine nyimboyi inandilowa kuposa anzanga, ndipo chifukwa chake ndikuchidziwa. Ndinabadwa ndi mawu aakulu, osasa, oti ndikamaitana mbuzi kuphiri anthu ankayesa ndi bambo anga. Ku kwaya ya ana a Gelevaziyo anandimvera kamodzi kokha, n'kutsinzina diso limodzi ngati alawa ndimu. "Iwe Filomena, uziima kumbuyo, uzingoyendetsa milomo," anatero. Kutsogolo kunkaima mwana wawo Sisiliya, mnzanga wapamtima, wa kamawu ka Kamaso kenikeni, wodziwanso kupendeketsa mutu poimba. Chaka chathunthu ndinayendetsa milomo ngati nsomba. Ndiye tsiku lina n'kuona munthu wa mawu ngati anga ataima pakati pa galasi, aliyense akumupatsa njira, ng'oma ikudikira iye! Zoti anali woipa ndinkaziona ngati nkhani ya eni munda, osati yanga.

Pamapeto Mayi Chipewa ankagwera m'matope, chipewa n'kutengedwa ndi madzi, Kamaso n'kuimbanso kanyimbo kake kachinayi. Tinkavomereza kuti chilungamo chachitika, poti tinali ana a mpingo. Koma potsika phiri kupita kwathu panalibe n'mmodzi yemwe woimba za agulugufe. Njira yonse inali hu, hu, mapazi akuponda fumbi, agalu a m'midzi akutiuwa. Opanga kanemayo kaya ankafuna kutiphunzitsa chiyani, nyimbo yonona anaipereka kwa woipa, wabwino n'kumusiyira madzi otsukira mbale.

Masana a m'kati mwa sabata tikaweruka kusukulu tinkathera m'chigafa cha bambo anga, shedi yaitali ya udzu yomwe tinkayanikamo fodya. Nyengo imeneyo fodya wambiri anali atatsitsidwa kale, ndipo akuluakulu ankamusankha m'mawa kukadali chinyezi, masamba asanayambe kuthetheka. Dzuwa likakwera ankasiya n'kupita kukatonola chimanga, chigafa n'kutsala chathu. Munali fungo lotsekemera, loyetsemulitsa, lokakamira m'zovala mpaka kutchalitchi. Kuwala kunkalowa m'mizere pakati pa udzu, fumbi likuyandamamo, ndipo pansi panali mbwee tizidutswa ta masamba ndi ulusi wa ziguduli. M'menemo ndimo tinkachitira kanema wathu.

Za amene akhale Mayi Chipewa panalibe kukangana. Ndinkavala lichero la amayi kumutu, lozondotsa, londitsekera mpaka m'maso, n'kudzikulunga chiguduli chong'ambika kuyambira m'khosi mpaka kumapazi. Sisiliya ndi atsikana ena awiri ankakhala mbuzi, phulusa kumaso, timitengo m'tsitsi ngati nyanga. Wina ankaimba ndowa. Kamaso ankasowa womufuna, moti tinkangoimika mtolo wa mapesi n'kuumanga kansalu, ndipo mtolowo unkachita bwino ndithu mbali yake. Mawu tinapeka athu. Ine ndinkati, "Munda uwo ngwanga, mtsinje uwo ngwanga, wokana abwere ndimuone," mbuzi n'kuvomera, ana ang'onoang'ono akuomba m'manja mozungulira. Kwa nthawi yoyamba ndinatsegula pakhosi ponse popanda wondiletsa. Kunkakoma, ndisaname.

Lachiwiri lina, nyimbo ili pakati, ndinamva ndowa yasiya mwadzidzidzi. Nditatukula lichero ndinaona a Gelevaziyo ataima pakhomo pa chigafa, njinga ili m'manja, kukamwa yasa. Tsiku lokhalo limene belu likanathandiza, sanalilize. Ndikuvomera kuti zomwe anaona zinali zoti munthu n'kudabwa nazo: chinthu chobisa nkhope, chovala chiguduli, chikuponda fumbi, zina zopaka phulusa zikudumpha pambali, bwalo la ana likuomba m'manja. Munthu wanzeru akanafunsa. Iwo anachita chizindikiro cha mtanda, anakoka Sisiliya padzanja, n'kunena akuyang'ana ine kuti, "Gule! Pakati pa mudzi wa Akhristu!"

Panali chifukwa chimene anayang'anira ine osati enawo. Amayi anga anali mtengwa, anachokera kutsidya kuja kwa eni ng'oma, ndipo anabatizidwa atakula kale kuti akwatiwe ndi bambo. Zaka khumi ndi ziwiri anasesa tchalitchi, anatungira madzi Bambo Mfumu, anagwada mpaka mawondo kuda, koma amayi a mpingo akamawatchula ankatsitsabe mawu n'kuti "aja a kutsidya". Kulandira kwanga, ine mwana wawo woyamba, kunali chidindo chimene anachidikira zaka zonsezo. Diresi loyera anali atasoketsa kale kwa telala ku Chezi, la manja aatali, la timaluwa m'khosi. Analipachika pa msomali kuchipinda kwawo n'kulikuta ndi chitenje kuopa mwaye, ndipo m'mawa uliwonse ankatukula chitenjecho pang'ono n'kuliyang'ana.

Lamulungu lotsatira kajenereta sikanalire. A Gelevaziyo anandiimika kutsogolo kwa kalasi n'kufunsa kuti nyimbo ya kudambwe ndinaiphunzira kuti. Ndinayankha kuti si ya kudambwe, ndi ya m'kanema wathu yemweyu, ya mayi wa chipewa uja. Anaseka kuseka kwa munthu amene wagwira wakuba nkhuku ili m'manja.

"Kanema wa Bambo Mfumu? Ine ndamuonetsa kasanu ndi kawiri kanema ameneyu. Ukufuna undiuze kuti muli zimene sindikuzidziwa?"

"Mumakhala mutatuluka, a Katekisiti."

Sindinaganize kuti umenewu ndi mwano, ndinkangofuna kuwathandiza. Nkhope yawo inasintha. Anatembenukira ku kalasi n'kufunsa ngati alipo wina amene anamvapo nyimbo yotere m'kanemamo. Ana omwewo amene ankaponda fumbi njira yonse Lamulungu lililonse anayamba kuwerenga zala za kumapazi. Aliyense anali ndi diresi kapena malaya oyera pa msomali kwawo. Ndiye anafunsa Sisiliya. Anapendeketsa mutu monga ankachitira ku kwaya, n'kuyankha ndi kamawu kake kaja kuti, "Ine sindinaimvepo, ababa. Anatiphunzitsa ndi Filomena." Imeneyo inali mbuzi yanga yodumpha kuposa zonse.

"Ikani tepiyo muone nokha," ndinatero, misozi ili lengelenge. Anati petulo watha, ndipo ngakhale akanakhalapo sakanalamulidwa ndi mwana. Anatulutsa kope la mayina, anayesa zolembera zawo zitatu chimodzichimodzi, kenaka n'kubwereka pensulo kwa mwana wa kutsogolo. Ndi pensulo yobwerekayo anadula mzere pa dzina langa. Anati kwatsala masabata awiri. Ndikafuna kubwereramo, ndigwade pamaso pa kalasi ndivomere, ndipo tchimolo ndikaliulule kwa Bambo Mfumu pa kulapa kwanga koyamba. Kupanda apo, anzanga adzalandira ine ndili pa benchi.

Nkhani inafika kunyumba ine ndisanafike. Masiku amenewo m'mawa kunkacha ndi nkhungu yotseka phiri lonse, udzu uli chonyowa, ndipo ndinkapita kuchitsime manja atauma pa ndowa. Ndikafika, amayi a pachitsimepo ankaleka nkhani zawo n'kumanditsatira ndi maso mpaka nditasenza. Ana ang'onoang'ono amene ankandiombera m'manja m'chigafa analetsedwa kundiyandikira. Bambo anga anavala jekete lawo la ukwati n'kupita kukaonana ndi a Gelevaziyo. Anabwerako akuyang'ana pansi, n'kunena kuti akuluakulu a mpingo sangalakwe, mwana angovomera zithe. Bambo anali munthu wabwino, wa ubwino uja wosathandiza aliyense.

Amene anandimvera anali amalume, achimwene awo a amayi, munthu wa gule weniweni. Anatulukira Lachitatu akuchokera kumsika, kankhumba katamangidwa kumbuyo kwa njinga. Atamva nkhaniyo anandiitanira kuseri kwa nkhokwe n'kuti ndiimbe. Ndinaimba motsitsa. Anamvetsera mutu uli pansi, kenaka anaseka mpaka kugwira nkhokwe, kankhumba nako kakulira. "Imeneyi ikhale yathu? Ng'oma yaulesi chonchi? Kumeneko ndiye kutinyoza, mphwanga," anatero. Anadzipereka kuti apite okha akawauze a Gelevaziyo kuti nyimboyo kudambwe saidziwa. Amayi anatsala pang'ono kugwa. Mboni imodzi yokha imene ndinali nayo inali yoti ikangotsegula pakamwa pa tchalitchi, mlandu wanga wakula kawiri. Anawaperekeza msangamsanga podzera kuseri kwa nyumba.

Mawa lake amayi anandituma kuchigayo. Njira yake imadutsa kuseri kwa tchalitchi, ndipo ndili chapatali ndinamva kajenereta kakutsokomola, kaja kanalibe petulo. Njinga ya a Gelevaziyo inali itatsamira khoma. Ndinatula thumba pansi n'kunyang'ama mpaka pazenera. M'katimo ng'oma inali itayamba kale. Ndinamva mbuzi zikuti hu, hu, ndinamva nyimbo yonse mpaka kuseka komaliza. Kenaka tepi inabwezedwa m'mbuyo, nyimbo n'kuyambiranso. Anaionera kawiri. Ndinasenza chimanga changa n'kuthamanga nacho ngati ndi thonje, mtima uli mbee, ndikudziuza kuti Lamulungu dzina langa libwerera m'kope.

Ndinali mwana ndithu. Lamulungu a Gelevaziyo analengeza ndi nkhope yachisoni kuti makina atafuna tepi ija, yatheratu, kanema sadzaonekanso. Ana anadandaula, ena n'kumandiyang'ana ngati ndine ndaitafuna. Kenaka anafunsa ngati Filomena wakonzeka kuvomera. Pofunsapo sanandiyang'ane kumaso, anayang'ana khoma pamwamba pa mutu wanga. Ine ndinadziwa kuti akudziwa. Koma kunena kuti ndinalakwitsa kwa mwana wa zaka khumi, mwananso wa mayi wa kutsidya, kunawatalikira kuposa phiri la Ntchisi. Mpaka lero ndikaona munthu wamkulu akuyang'ana khoma polankhula ndi mwana, ndimakumbukira a Gelevaziyo.

Tsiku limenelo sindinavomere. Kunyumba ndinauza amayi zonse za pazenera paja, ndikuyembekeza kuti amanga chitenje m'chiuno n'kupita kukaphulitsa nkhani. Anali akuswa mtedza pakhonde. Anamvetsera osaleka kuswa, kenaka anati, "Ndikudziwa, Filo. Ndinadziwa tsiku loyamba lomwe kuti sukunama." Ndinafunsa kuti nanga bwanji. Anati munthu ameneyo tikamuchititsa manyazi adzatisungira m'mtima mpaka azing'ono anga onse adzakule, ndipo ndikapanda kulandira mudzi wonse udzati magazi a kutsidya aonekera. "Ungovomera, mwana wanga. Mulungu akudziwa kale zoona zake. Amene sakudziwa ndi anthu, ndipo ine ndimakhala ndi anthu." Anapitiriza kuswa, mtedza wina ukugwera m'makoko. Enawo ndiwanyoze mmene ndingathere, koma amayi ayi.

Lachisanu, pokonzekera mwambo, ndinagwada pa simenti pamaso pa anzanga n'kunena kuti nyimbo ija ndinaimva kutsidya kwa amalume, ndikupepesa. A Gelevaziyo anapuma mpweya wautali, wa munthu amene watula katundu. Analankhula nthawi yaitali za kukoma kwa kudzichepetsa ndi kuvomera kulakwa, mawu akunjenjemera ndi chifundo chawo chomwe. Mzere uja anaufufuta ndi chala chonyowetsa malovu, pa dzina langa n'kutsala banga lakuda. Sisiliya anandimwetulira n'kundisunthira malo pa mzere ngati palibe chimene chinachitika.

Loweruka masana Bambo Mfumu anafika, fumbi lili m'nsidze. Anawaikira mpando m'kachipinda komwe kaja, n'kupachika chitenje pa chingwe pakati. Tinandandalika panja, mphepo ikutimenya m'miyendo, aliyense akubwereza machimo ake chamumtima. A Gelevaziyo anali atatiphunzitsa kwa miyezi kuti wonama polapa amatuluka ali wakuda kuposa mmene analowera, ndipo akalandira ali chomwecho amadya chilango chake. Ine ndinali nditaganiza bwino: ndikalowa ndikawauza Bambo Mfumu zonse, poti za m'menemo sizituluka. Nditagwada ndinayamba ndi zing'onozing'ono, shuga amene ndinanyambita, mng'ono wanga amene ndinamutukwana. Kenaka ndinayang'ana kukhomo. Chitseko chinali chachifupi, ndipo pansi pake ndinaona nsapato ziwiri zakuda zopukutidwa bwino, za a Gelevaziyo amene ankati akulongosola mzere.

"Ndinaimba nyimbo ya gule," ndinatero.

Bambo Mfumu anausa moyo ngati munthu amene wamva zimenezi kambirimbiri. Anafunsa mofatsa ngati ndikumva chisoni, ndipo ndinati inde, zomwe zinali zoona. Anafunsa ngati pali china. Ndinati palibe. Anandipatsa mapemphero atatu, anakweza dzanja n'kundikhululukira. Potuluka, nsapato zija zinandipatsa njira.

M'mawa mwake amayi ananditsuka ndi mwala mpaka khungu kuwawa, anandidzoza mafuta, n'kundiveka diresi lija. Linkanunkhira sopo ndi utsi pang'ono. Tchalitchi chinadzaza mpaka m'mazenera, Sisiliya akutsogolera nyimbo. Nditafika kutsogolo ndinatulutsa lilime. Ndinkayembekeza kuti Ukaristia undiotcha, kapena ndigwa pomwepo anthu onse aone. Unangomata kumwamba kwa kamwa, wopyapyala, wopanda kukoma kulikonse, n'kusungunuka pang'onopang'ono. Panja amayi analiza nthungululu mpaka mawu kutha, misozi ili chuchuchu, ndipo amayi a mpingo anabwera mmodzimmodzi kudzawagwira chanza. A Gelevaziyo anandisisita pamutu pamaso pa anthu, ndipo ndinawalola.

Masabata otsatira ndinkayenda mosamala ngati ndasenza mazira, kudikira chilango. Mutu ukawawa ndinkati chayamba. Ndinkaganiza kuti mwina akatekisiti ananena zoona pa chinthu chimodzi, kuti mwa ine munali mbewu yoipa. Pa nyimbo zonse za m'kanema muja ndinasankha ya woipa, ndipo nyimboyo ndi imene inandikoka mpaka kukanamiza Mulungu amene. Sindinaiimbenso, ngakhale ndili ndekha kuphiri.

Tsopano ndili ndi ana anga ku Lilongwe, ndipo akamaonera makatuni awo amachita zomwezo. Wabwino akamaimba amapita kukamwa madzi, woipa akayamba amakweza n'kubwereza kasanu. Sindiwaletsa. Ndikuganiza kuti mwana amatopa msanga ndi anthu ofuna zinthu mobisa. Mayi Chipewa anali wolanda minda ndithu, koma chimene ankafuna ankachinena mokweza, akuyang'ana anthu m'maso. Ife anthu abwino a nyengo imeneyo tinkafunanso zathu, wina ulemu wake, wina diresi lake, wina kugwiridwa chanza, ndipo tonse tinazipeza monong'ona. Ndili mwana ndinkati nyimbo ya woipa ndiyo inandiphunzitsa kunama. Lero ndikuona kuti bodza lija ndinaphunzitsidwa ndi anthu abwino, ndinalinena nditagwada, ndipo mpaka pano sindinakalape.